ZA M'MUNDA NDI PAKHOMO: Maluwa Amene Safuna Dothi

 Mwezi wathawu tinakambirana za kusamala mbewu ya chimanga kuti anankafumbwe angaiononge. Mwezi uno, pamene dzuwa la Novembala likuotcha ndipo tonse maso ali kumwamba kudikira mvula yoyamba, ndifuna tikambe za chomera chimene ambiri timachipitirira osachiyang'ana, ngakhale chimakhala pamwamba pa mitu yathu. Wina afunsa kuti, kodi maluwa ndi ndiwo? Iyayi, si ndiwo. Koma pakhomo pa munthu sipakoma ndi nkhokwe yokha, ndiponso pali chifukwa china chimene chandikakamiza kulemba, ndipo ndiyamba ndi chimenecho.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti ndinali pa njinga pa msewu wochokera ku Salima kupita ku Senga Bay. Pafupi ndi pamene amagulitsa madengu ndi mikeka ndinaona mnyamata wa zaka ngati 12 atanyamula chitsamba chachikulu cha maluwa achikasu a mawanga ofiirira, akuimika galimoto za alendo opita kunyanja. Ndinatsika, ndipo ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, wachitenga kuti chimenechi?" Iye anati, "Pa mgwalangwa, agogo. Ndinachita kukwera, n'kuchikanganula ndi chikwanje dzana." Nditachitembenuza ndinaona kuti mizu yambiri inatsalira pamtengo, ndipo yotsalayo inali itauma ndi dzuwa la masiku awiri. Sindinamukalipire, pakuti ndalamazo ankazifunira makope a kusukulu, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti chitsamba chachikulu chotero chinayamba kumera iye asanabadwe. Komanso sindinagule, chifukwa ndikanagula, m'mawa mwake akanakwera mgwalangwa wina. Zimene ndinapangana naye ndikuuzani kumapeto.

KODI NDI MALUWA OTANI?

Maluwa amenewa Angerezi amawatcha okidi, ndipo ndi fuko lalikulu ndithu, pakuti pa dziko lonse lapansi pali mitundu yake pafupifupi 28,000. M'Malawi muno muli mitundu yoposa 400, ndipo ku mapiri a Nyika kokha kuli yoposa 200. Fuko limeneli lili ndi mabanja awiri amene tiyenera kuwasiyanitsa bwino, pakuti amene sawasiyanitsa ndiye amapha chomera chake. Ena amamera m'dothi monga zomera zina zonse, ndipo ambiri a iwo ali ndi tizinthu tonga mbatata pansi. Ena amakhala pa makungwa a mitengo kapena pa miyala, ndipo mizu yawo siikhudza dothi moyo wawo wonse.

Anthu ambiri amayesa kuti okhala pamtengowa amayamwa madzi a mtengowo, naupha. Si choncho ayi. Zilipo zomera zina zoyamwa mitengo, koma okidi sali m'gulu limenelo. Iye amangobwereka malo okhala, monga mbalame imangira chisa pa nthambi. Mizu yake ndi yonenepa, yokutidwa ndi khungu loyera lofewa ngati thonje, limene limamwa msanga madzi a mvula ndi mame. Mukathira madzi pa muzu wamoyo mudzaona kuti wasanduka wobiriwira, ndipo ukauma umayeranso. Chakudya chake amachipeza m'fumbi, m'masamba oola ogwera pa iye, ndi m'zitosi za mbalame.

Amene ananyamula mnyamata uja dzina lake la m'mabuku ndi Ansellia africana, ndipo Angerezi amalitcha duwa la kambuku chifukwa cha mawanga ake. Ifenso m'nkhani ino tilitcha chomwecho. Limakonda maiko otentha onga kwathu kuno, ndipo limapezeka pa migwalangwa ndi m'mphanda za mitengo ina ikuluikulu. Mapesi ake amafanana ndi timizimbe tating'ono, ndipo ndimo limasungira madzi a m'chilimwe. Lili ndi luso lodabwitsa: mizu ina imagwira khungwa, koma ina yopyapyala imaloza kumwamba, niipanga ngati dengu lowakha masamba akugwa, amene amaolera momwemo nakhala manyowa ake. Limachita maluwa nyengo ya dzuwa, thengo lonse litauma, ndipo phesi limodzi limatha kubala maluwa makumi angapo.

Alipo enanso a maluwa oyera onga nyenyezi, monga Aerangis ndi Cyrtorchis, amene amanunkhira madzulo dzuwa litalowa. Kumbuyo kwa duwa lililonse kuli kampope kamene kamasunga timadzi totsekemera, ndipo agulugufe ausiku a milomo yaitali ndiwo amadzamwa, nanyamula ufa wa duwa kupita nawo ku duwa lina. M'chaka cha 1862 Charles Darwin, ataona okidi wa ku Madagascar wa kampope kotalika pafupifupi masentimita 30, ananena kuti kuyenera kukhala gulugufe wa mlomo wotalika chomwecho. Ena sanakhulupirire, koma gulugufeyo anadziwika m'chaka cha 1903, Darwin atamwalira kale.

Tsono mverani chifukwa chake kukanganula maluwawa kuli kuononga kwakukulu. Mbewu za okidi ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo m'chibalobalo chimodzi mumakhala zikwizikwi. Koma mbewuzo zilibe kamba wa paulendo monga njere ya chimanga kapena nyemba. Kuti imere, mbewu iyenera kugwera pamalo pamene pali mtundu wina wa bowa wosaoneka ndi maso, umene umaidyetsa ikali yaing'ono. Anatulukira zimenezi ndi Mfalansa Noël Bernard m'chaka cha 1899. Chifukwa chake mwa zikwi zonsezo zimamera zowerengeka, ndipo chomera chimatha zaka zingapo chisanaonetse duwa loyamba. Chimene chinakula zaka zambiri, chikwanje chimachitsitsa pa kamphindi. Bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zikuchepa pa dziko lapansi, linaika kale duwa la kambuku pa mndandanda wa zomera zimene zili pangozi.

AMENE ANAWALEMBA M'MABUKU

Makolo athu anawadziwa maluwawa kalekale, koma kuwalemba m'mabuku kunayamba ndi alendo. Duwa la kambuku linatenga dzina la John Ansell, amene analipeza pa chilumba cha Fernando Po m'chaka cha 1841, ndipo John Lindley wa ku England analitcha dzinalo m'chaka cha 1844. Dotolo John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, ankatola zomera za dziko lino nazitumiza ku munda waukulu wa Kew ku London. Ndipo m'chaka cha 1861 awiriwa anayenda pa bwato m'mbali mwa gombe lathu lomwe lino kulowera kumpoto. Okidi wina wa m'madambo, Habenaria walleri, amatchedwa ndi dzina la Horace Waller, amene anafika ku Magomero m'chaka chomwecho. Pambuyo pake Brian Morris analemba buku la okidi a pamitengo a m'Malawi m'chaka cha 1970, ndipo a banja la la Croix anatulutsa buku lalikulu lotchedwa Orchids of Malawi m'chaka cha 1991. Ku Zomba kuli likulu la National Herbarium and Botanic Gardens, bungwe limene boma linakhazikitsa m'chaka cha 1987 kuti lisunge ndi kuphunzira zomera za dziko lino. Taonani, anthu anaoloka nyanja zamchere kudzaona chimene ife timachiotchera pamodzi ndi nkhuni.

KULAKWA KWANGA

Ndisadzionetse wanzeru pamaso panu. Zaka zapitazo mphepo inagwetsa mtengo waukulu kumunda kwanga, ndipo pa nthambi yake panali duwa la kambuku. Ndinalitenga mokondwa, ndinafuna chitini chachikulu, ndinadzazamo dothi lakuda la pachulu losakaniza ndi manyowa a m'khola, ndipo ndinalikwirira bwinobwino monga tichitira ndi nthochi. M'mawa ndi madzulo ndinkathirira. Patapita masabata atatu masamba anayamba kuchita chikasu, ndipo ine poyesa kuti lili ndi ludzu ndinaonjeza madzi. Pamene ndinalizula, mizu yonse inali yakuda, yonunkha, yofewa ngati phala.

Malume anga, amene anali msodzi wosadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, anayang'ana chitinicho nati, "Mphwanga, kodi unachipeza m'dothi chimenechi?" Ndinati iyayi. Iwo anati, "Nanga unachiikiranji m'dothi? Chambo ungachigoneke pa mphasa chifukwa iwe umagona pa mphasa?" Ndinasowa poyankha. Akulu anati safunsa anadya phula. Lamulo loyamba ndi lomwelo: yang'anani pamene chomera chinali kukhala, ndipo muchipatse malo ofanana ndi amenewo.

KUMANGIRIRA PA MTENGO WA PAKHOMO

Njira yapafupi, yosafuna ndalama, ndiyo kumangirira chomera pa mtengo wamoyo. Sankhani mtengo wa khungwa lokhakhala losasupuka, monga bwemba, mango kapena mgwalangwa. Bulugamu sayenera, pakuti khungwa lake limafundula chaka ndi chaka, ndipo mizu imagwa nalo pamodzi. Mango akhale osathithikana kwambiri, chifukwa mumdima wa bii duwa la kambuku limangobiriwira osachita maluwa. Ngati ndi wothithikana, phatani nthambi zina kuti kuwala kulowe.

Ikani chomera m'mphanda ya mtengo kapena pa thunthu, mbali ya kum'mawa, kuti chilandire dzuwa la m'mawa ndi kubisala ku dzuwa la masana ndi la kumadzulo, limene kuno ku Salima limapsereza masamba m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Pakhale potalika kuposa pamene mbuzi ingafike itaimirira ndi miyendo iwiri. Mizu igunde khungwa lenileni. Musaike dothi pakati. Mangani ndi luzi kapena ndi nsanza za chitenje chakale, ndipo mumange zolimba kuti chomera chisagwedezeke ndi mphepo. Ichi n'chofunika kopambana, pakuti nsonga za mizu yatsopano n'zanthete, ndipo zikamakhuzika pa khungwa zimafa zisanagwire. Ife a kunyanja tidziwa mphamvu ya mwera, choncho pewani mbali imene mwera umaomba mwachindunji. Waya musamangire, chifukwa amadula mapesi ndiponso amalowa m'thupi la mtengo.

Nthawi yabwino ndi ino, mvula ikamayamba, pamene chomera chikutulutsa mphukira ndi mizu yatsopano ya nsonga zobiriwira. M'mera mpoyamba. Pofika kumapeto kwa dzinja mizu idzakhala itakumbatira khungwa, luzi lidzaola lokha, ndipo chomera chidzaima pachokha. Chaka choyamba mwina simudzaona duwa; musataye mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitsamba chikakula mukhoza kuchigawa. Tengani mpeni wakuthwa, muuotche pa moto kuti ufe tizilombo ta matenda, ndipo ukazizira mudule pa tsinde kotero kuti gawo lililonse likhale ndi mapesi osachepera 3 kapena 4 pamodzi ndi mizu yake. Pa bala pakani phulusa louma kapena ufa wa makala. Phesi limodzi lokha limachedwa kukula, ndipo kawirikawiri limafa.

MU MPHIKA, PAKHONDE NDI M'NYUMBA

Amene alibe mtengo woyenera akhoza kudzala mu mphika. Wadothi uposa chitini ndi pulasitiki, chifukwa umapuma ndipo sutentha msanga. Mphika wakale wong'aluka, umene amayi anautaya, ndiwo wabwino koposa. Boolani mabowo pansi ndi m'mbali. M'katimo musaike dothi ngakhale pang'ono. Ikani zidutswa za makala zazikulu ngati chala chachikulu cha kumanja, zidutswa za njerwa zootcha, mapale, ndi makungwa ouma olimba. Makalawo muyambe mwawatsuka kuti fumbi lichoke. Khazikani chomera pamwamba pa zimenezi, tsinde lake lisakwiririke, ndipo muchichirikize ndi kamtengo mpaka mizu itagwira. Mukathira madzi ayenera kutuluka pansi nthawi yomweyo. Akaima mu mphika, ndiye kuti mabowo achepa.

Malo oposa onse ndi pakhonde loyang'ana kum'mawa, mphika utapachikidwa ndi chingwe kapena utaikidwa pa thandala. Pamenepo pali kuwala, pali mthunzi masana, ndipo mphepo imapita. M'kati mwa nyumba zathu muli zovuta zitatu. Mazenera ambiri ndi aang'ono, ndipo chomera chimasowa kuwala. Nyumba za malata zopanda siling'i zimatentha ngati uvuni masana. Ndiponso utsi wa kukhitchini umadetsa masamba. Chifukwa chake duwa la kambuku lisakhale m'nyumba masiku onse. Likachita maluwa mukhoza kulilowetsa pabalaza masiku owerengeka kuti alendo aone, kenaka mulibwezere pakhonde.

Ulipo mtundu wina wochokera ku maiko a Philippines, Indonesia ndi oyandikana nawo, wotchedwa Phalaenopsis, wa masamba aakulu athyathyathya ndi maluwa onga gulugufe, oyera kapena ofiirira, amene amakhala miyezi iwiri kapena itatu osafota. Umenewu ndiwo umagulitsidwa kwambiri m'masitolo a maluwa pa dziko lonse, ndipo mwina mwana wanu wa kutauni kapena wa ku Johannesburg anakuonetsanipo. Umabzalidwa ndi alimi a maluwa, suchotsedwa kuthengo. Uwu ndiwo umalola kukhala m'nyumba, pakuti kwawo umamera mumthunzi wa nkhalango zotentha. Uikeni pafupi ndi zenera la kum'mawa, kuseri kwa nsalu yopyapyala. Ulibe mapesi osungira madzi, choncho suyenera kuuma nthawi yaitali, koma madzi akatsalira pakati pa masamba ake usiku, mtima wake umaola. Maluwa akafota musautaye. Ukasamalidwa umachitanso maluwa chaka chamawa.

Masamba ndiwo amanena ngati malo ali bwino. Akakhala obiriwira kwambiri mpaka kuderako, ndi olobodoka, kuwala kwachepa. Akachita chikasu ndi zipsera zakuda kapena zoyera, dzuwa lachuluka. Obiriwira mowala, olimba, ndiwo a chomera chokondwa. Posuntha chomera kuchoka mumthunzi kupita padzuwa, chitani pang'onopang'ono pa masabata awiri kapena atatu.

MADZI NDI CHAKUDYA

Okidi ambiri amafa ndi madzi ochuluka kuposa amene amafa ndi ludzu. Thirirani m'mawa, kuti pofika usiku masamba akhale atauma. Thirani mokwanira mpaka mizu yonse isanduke yobiriwira, ndipo musathirenso kufikira itayera. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala chomera chongomangiriridwa kumene chimafuna madzi tsiku ndi tsiku, ndipo cha mu mphika masiku awiri kapena atatu alionse. M'dzinja mvula imakwanira kwa za panja, koma musaiwale za pakhonde zimene denga limazitchinga. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chepetsani, kamodzi pa sabata n'kokwanira, pakuti duwa la kambuku limafuna kupuma pa chilimwe kuti lichite maluwa. Limene linagwira kale pa mtengo limatha kupirira chilimwe chonse monga lichitira kuthengo.

Madzi oposa onse ndi a mvula. A m'nyanja ndi a mumtsinje alibe vuto. Koma mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, ndipo mcherewo umaunjikana pa makala ndi kupsereza nsonga za mizu. Mukaona zoyera ngati phulusa pa mphika, tsukani ndi madzi a mvula ambiri. Madzi otsukira mbale ndi ochapira zovala musathire konse.

Pa za chakudya, kumbukirani kuti chomera ichi chinazolowera kudya pang'ono. Feteleza wa chimanga, monga Urea, mukamuwaza pa mizu yake imapsa tsiku lomwelo. Tengani manyowa a ng'ombe kapena a mbuzi ouma, oola bwino, dzanja limodzi, muwamange m'kansalu, muwaviike mu ndowa ya madzi masiku atatu. Madziwo muwasungunule ndi ena mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mphamvu, ndipo muthirire kamodzi pa masabata awiri m'nyengo imene chomera chikukula. Muyambe mwanyowetsa mizu ndi madzi wamba. M'miyezi yozizira musapereke chakudya.

ADANI AKE

Mdani woyamba ndi mbuzi, wachiwiri ndi nkhuku zimene zimapalasa mu mphika woikidwa pansi. Chiswe chimalowa m'makungwa a mu mphika ngati mphikawo wakhudza dothi, choncho upachikeni kapena muukhazike pa mwala. M'dzinja nkhono zimadya nsonga za mizu ndi mphukira usiku. Zitoleni ndi manja madzulo. Pansi pa masamba nthawi zina pamamatirira tizilombo tonga nkhanambo kapena toyera ngati ufa, ndipo nyerere zikachuluka pa chomera ndi chizindikiro chakuti timeneti tilipo. Pukutani ndi kansalu konyowa ndi madzi a sopo pang'ono, kenaka mutsuke ndi madzi oyera. Tsamba kapena phesi loola lidulidwe msanga ndi mpeni wootcha, lisanapatsire anzake. Ntchito imeneyi ana a sukulu angaigwire bwino, pakuti maso awo ndi akuthwa kuposa athu.

A M'DOTHI, NDI NKHANI YA CHINAKA

Mwa okidi omera m'dothi, amene amapirira kutentha ndi a mtundu wa Eulophia. Wina wa maluwa achikasu owala, Eulophia speciosa, amakonda dothi la mchenga, ndipo wina wa maluwa ofiirira, Eulophia cucullata, amatuluka m'thengo mvula ikamayamba. Ngati mmodzi wa amenewa wamera m'munda mwanu, mulambalaleni ndi khasu, pakuti sapikisana ndi chimanga. Ngati pamalopo pamangidwa nyumba, mukumbeni ndi dothi lake lonse, mukamuike pa mchenga wosakaniza ndi masamba oola, posaima madzi, ndipo m'chilimwe akafota musamuthirire, chifukwa ali m'tulo.

Ambiri a inu munadyapo chinaka kapena chikande, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda. Mwina simunadziwe kuti chimapangidwa ndi timbatata ta okidi a m'dothi a mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria. Amatisinja, natiphika pamodzi ndi nsinjiro ndi chidulo kapena soda mpaka zitalimba ngati nyama. Kale chinali chakudya cha pakhomo, chokumbidwa pang'ono. Koma chitasanduka malonda a m'matauni, okumba anachuluka. Akatswiri a bungwe la Wildlife Conservation Society atafufuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anapeza kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinkachoka kumapiri a kumwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse. Boma la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo m'chaka cha 2005 makamaka chifukwa cha maluwa amenewa. Vuto lake ndi ili: kambatata kamene wokumba amafuna ndi katsopano, ndipo ndi komweko kamene kakanaphuka chaka chamawa. Akakachotsa, chomera chatha.

Ndikuchenjezeni inu amene mumapita ku Dedza, ku Zomba kapena ku Nyika: okidi a kumapiri musabwere nawo kuno. Ife tili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nyika ili pa mamita oposa 2,000. Iwo anazolowera kuzizira ndi nkhungu, ndiponso amadalira bowa wa m'dothi la kwawo. Kuno amafota chaka chisanathe.

TIWAPEZE BWANJI MOSALAKWA?

Njira zoyenera ndi zitatu. Yoyamba, kupempha gawo kwa mnansi amene ali nacho kale chomera pakhomo. Yachiwiri, kupulumutsa chimene chili pa mtengo wogwa ndi mphepo, kapena wodulidwa m'munda mwanu kapena m'mudzi ndi chilolezo cha mwini wake. Pamenepo dulani ndi khungwa lomwe kuti mizu isaduke, ndipo muchisunge pamthunzi mpaka mutachimangirira. Yachitatu, kugula kwa alimi a maluwa amene amabzala okha. M'nkhalango zotetezedwa, monga Thuma ndi Dedza-Salima, ndi pa zilumba za Maleri zimene zili m'gawo la Lake Malawi National Park, malamulo salola kuchotsamo zomera popanda chilolezo. Ndiponso okidi onse ali pa pangano la maiko lotchedwa CITES, limene dziko la Malawi linalowamo m'chaka cha 1982, kotero kuti mlendo wotuluka nawo m'dziko popanda zikalata walakwira lamulo.

Inu abambo ootcha makala ndi odula mitengo ya mabwato, mtengo ukagwa yang'anani nthambi zake musanaziponye pa moto, ndipo mukapeza chitsamba chotere mupite nacho kwa amayi kunyumba. Inu mafumu ndi akuluakulu a m'midzi, migwalangwa ikuluikulu imene yatsala isungidwe, pakuti imatipatsa mlaza, ndipo ndiyo nyumba ya maluwa amenewa. Tikumbukirenso kuti fuko limeneli limadyetsa anthu kwina. Vanila, amene amanunkhiritsa makeke ndi mabisiketi, ndi chibalobalo cha okidi woyanga wochokera ku Mexico, ndipo alimi a ku Madagascar amapeza naye ndalama. Njira yapafupi yobereketsa maluwa ake ndi manja anaitulukira ndi Edmond Albius, kapolo wa zaka 12 wa pa chilumba cha Réunion, m'chaka cha 1841. Anali msinkhu womwewo wa mnyamata wa pa msewu uja.

Tsono za mnyamatayo. Chitsamba chake tinachinyamula tonse awiri mpaka kwa amayi ake, tinachiviika m'madzi, ndipo tinachimangirira pa bwemba wa pakhomo pawo. Ndinamuuza kuti ngati adzachisamala mpaka mvula yoyamba, ndidzamupatsa magawo awiri a duwa langa, limene ndinapulumutsa pambuyo pa lija ndinaliphera m'chitini. Akawachulukitsa pakhomo, patapita zaka zowerengeka adzakhala ndi zogawira anansi popanda kukwera mgwalangwa kapena kuthyoka mwendo. Sabata yathayi ndinadzera komweko. Mapesi atatu anauma, koma pa tsinde la ena patuluka timizu tiwiri ta nsonga zobiriwira, ndipo amayi ake akuti mwanayo amathirira m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Mpeni wanga ndanola kale, ndikungodikira mvula.

Mwezi wamawa tidzakamba za kudzala mitengo ya zipatso pakhomo m'nyengo ya dzinja. Tsalani bwino nonsenu.

Ine mnzanu wa kumunda.